Ng'oma Isanalire

Makolo adati chakudza sichiimba ng'oma. Ankanena za imfa, za matenda, za moto wolusa umene umafika pankhokwe anthu ali m'tulo. Koma mwambiwu uli ndi phunziro lina limene silitchulidwa kawirikawiri. Ngati tsoka ndilo lili ndi khalidwe lofika mwakachetechete, ndiye kuti chisangalalo chiyenera kumveka chikadali patali. Gule amene wabwera modzidzimutsa ngati maliro amapeza anthu atalowera kale kwina, ndipo ovina amautsa fumbi pamaso pa mipando yokhayokha.

Kum'mawa kwa Johannesburg kuli dera limene kale linkatchedwa East Rand. M'chaka cha 2000 matauni ake, monga Germiston, Boksburg, Benoni, Brakpan, Springs ndi Kempton Park, adaikidwa pansi pa khonsolo imodzi yotchedwa Ekurhuleni, dzina la Chitsonga lotanthauza malo a mtendere. M'malokeshoni a derali, ku Tembisa, Katlehong, Daveyton, KwaThema ndi Tsakane, muli magulu a achinyamata amene amaguba pabwalo la mpira akuimba malipenga ndi ng'oma, ena akuzunguza mbendera. Magulu ena ndi a m'sukulu, ena ndi a m'mipingo, ndipo ena ali pansi pa bungwe la Field Band Foundation limene lidayamba mu 1997 motengera kaimbidwe ka magulu a ku America otchedwa drum corps. Mmalawi akaima kunja kwa mpanda n'kumaonerera mizere yowongokayo, mapazi akutsika nthawi imodzi, sachedwa kuzindikira kuti akuona mbale wake wa mganda.

Mmodzi wa Amalawi otere ndi bambo wina wa ku Ntchisi amene amakhala ku Daveyton. Adafika ku Joni akadali ndi mphamvu zaunyamata, ndipo lero ndi mlonda pamalo ena osungira katundu kufupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo. Amalonda maola 12 pa tsiku, ndipo mndandanda wa masiku awo a ntchito amaulandira mwezi ukamayamba. Mwana wawo wotsiriza, mtsikana, adabadwira konko. Chichewa amachimva, koma poyankha lilime limathawira ku Chizulu. Nthano za kalulu sizidamulowe, miyambi imamudutsa pamutu, ndipo kumudzi kwa atate ake adapitako kawiri kokha. Chimene chidamulowa ndi ng'oma. Amaimba ng'oma yaing'ono ya timitengo tiwiri m'gulu la pasukulu yake. Bambowo paunyamata wawo ankavina mganda pamzere wa kutsogolo, badza lili m'manja. Mtsikanayo akamayeserera pachidebe kuseri kwa nyumba, mapewa a atate ake amayamba okha kugwedezeka. Pa zonse zimene awiriwa amakambirana, ng'oma yokha ndiyo siifuna womasulira.

Tsiku lina Lachinayi madzulo, uthenga udafika pa WhatsApp wonena kuti gululo likaonetsa luso lake Loweruka lomwelo, pabwalo la kulokeshoni ina. Mtsikanayo adathamangira kwa atate ake ndi foni m'manja, ndipo adayesetsa kufunsa m'Chichewa: "Abambo, mubwera?" Iwo adayang'ana mndandanda umene adaumata kuseri kwa chitseko. Loweruka linali tsiku la ntchito. Kusinthana ndi mnzawo kumafuna kuti mnzawoyo avomere, kapitawo adziwe, ndipo zonsezi sizitheka m'masiku awiri. Kujomba ndiko kutaya malipiro a tsikulo, mwinanso ntchito imene, pakuti pachipata sipasowa wina woidikira. Komanso mwezi unali pakati, pamene ndalama ya maminibasi awiri popita ndi awiri pobwera imakhala ndalama ya ndiwo. Adangoti, "Mwana wanga, akadanena kale." Mtsikanayo sadatsutse. Adapita, adaimba, ndipo pobwera adafotokoza kuti oonerera adali ochepa, ndi kuti akuluakulu okonza mwambowo adadandaula kuti makolo a masiku ano alibe chidwi ndi luso la ana awo.

Dandaulo limeneli limamveka kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri limaphonya. Mipando yopanda anthu imaonetsa amene adapeza mpata, koma siinena kanthu za amene adaufuna mpatawo n'kuusowa. Munthu wagalimoto, amene Loweruka ndi lake, akamva Lachinayi amafika Loweruka. Koma Loweruka la mlonda lidagulitsidwa kale mwezi usanayambe, ndipo kuti aliwombole ayenera kukhala ndi nthawi. Mayi wogwira ntchito ya m'nyumba ayenera kupempha kwa abwana ake. Woluka tsitsi ndi wogulitsa pamsewu amapeza ndalama yeniyeni Loweruka. M'malokeshoni a ku South Africa maliro ambiri amaikidwa Loweruka, ndipo Amalawi nawonso amakhala ndi misonkhano yosonkha ndalama zotumizira thupi la mnzawo kumudzi. Maliro amalanda tsiku popanda kupempha, anthu n'kumvetsa. Gule alibe mphamvu imeneyo. Motero uthenga wochedwa umagwira ntchito ya lichero: umapeta anthu, opeza bwino n'kutsala m'bwalo, osauka n'kuuluzika ngati mankhusu, ngakhale kuti ana amene akugubawo ambiri ndi a osauka omwewo.

Mganda umene bambo a ku Ntchisi aja adakuliramo unkadziwa bwino zimenezi. Magule a mtundu umenewu adachokera ku beni wa m'mphepete mwa nyanja ya mchere ku East Africa, amene adayamba cha m'ma 1890 potsanzira magulu oimba a asilikali. Dzina lakuti beni lidachokera ku mawu a Chingerezi akuti band. Terence Ranger adalongosola mbiriyi m'buku lake la mu 1975, ndipo nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene idayendetsa asilikali a Keyala ndi amtengatenga mitunda yaitali, idathandiza kufalitsa guleyu. Ku Mangochi adakhalabe beni, kwa Atonga a ku Nkhata Bay adasanduka malipenga, ndipo kwa Achewa a m'chigawo cha pakati adatchedwa mganda. Gulu lililonse linkatchedwa boma, lokhala ndi mfumu yake ndi maudindo ena otengera usilikali.

Chimene chili chofunika pano ndi mmene maboma ankaitanirana. Poyamba, nyengo yokha inkalengeza. Aliyense ankadziwa kuti mganda ndi wa chilimwe, chimanga chitalowa m'nkhokwe, makasu atapachikidwa. Kenako boma loitana linkatumiza mthenga kapena kalata kwa boma linzake nthawi ikadalipo, chifukwa alendo sankabwera kudzavina kokha. Ankadya, ankamwa, ndipo ena ankagona konko. Amayi ankafuna masiku okonola ndi kusinja, ndipo chimera cha thobwa sichiphuka tsiku limodzi. Anyamata ankachapa makabudula oyera n'kuwasita ndi simbi ya makala. Pomaliza, ng'oma ya madzulo, imene inkalira tsiku ndi tsiku pamene ovina ankayeserera, inkaoloka dambo n'kukumbutsa midzi yonse yozungulira kuti tsiku likuyandikira. Munthu amene adaphonya mganda wotere adachita kufuna.

Agogo a m'badwo uno amene adabwera kumigodi ya golide kudzera ku Wenela adapeza dongosolo lina. Kumigodi ya Witwatersrand magule ankavinidwa Lamulungu, monga mmene Hugh Tracey adalembera m'buku lake la mu 1952. Panalibe chifukwa cholengezera, pakuti tsiku lidaikidwa kale ndi eni mgodi, ndipo oonerera ambiri ankagona m'makomboni momwemo. Bwalo linkadzaza, koma linkadzaza ndi amuna amene analibe kwina kopita, akazi ndi ana awo ali kutali ku Dowa kapena ku Mzimba. Dongosolo limenelo lidayamba kutha kwa Amalawi mu 1974, ndege yonyamula anthu ochokera kumigodi itagwa ku Francistown, boma la Kamuzu Banda n'kuimitsa kulemba anthu ntchito ya kumigodi. Palibe amene angalilakelake. Koma Mmalawi wa ku Ekurhuleni lero alibe nyengo yokolola yomumasula, alibenso komboni yomusonkhanitsa ndi anzake. Wina ali ku Tembisa, wina ku Tsakane, ndipo ng'oma ya madzulo siingaoloke misewu ikuluikulu ndi milu ya dothi la m'migodi. Ntchito yonse imene nyengo, mthenga ndi ng'oma zinkagawana yagwera pa uthenga umodzi wa pafoni. N'chifukwa chake tsiku limene uthengawo watumizidwa lili ndi mphamvu yotere.

Chichewa chimasiyanitsa zimenezi m'kati mwa mneni. Munthu akati "mubwere" akunena za lero kapena za posachedwa. Akati "mudzabwere" walowetsa kachigawo kakang'ono, -dza-, kamene kakankhira kubwerako kutsogolo. Chimodzimodzinso "tivina" ndi "tidzavina". Kachigawo kameneka kali ndi ulemu wake. Wonena "mudzabwere" akuvomereza kuti womverayo ali ndi munda wake, ngongole zake ndi abwana ake, ndipo akumupatsa danga loti akonze zonsezo. Palinso kusiyana pakati pa kulengeza, kumema ndi kuitana. Wolengeza amaponya mawu mumlengalenga, womva amve. Womema amayenda khomo ndi khomo mpaka anthu atasonkhana. Woitana amatchula dzina, ndipo amayembekezera yankho. Uthenga wa Lachinayi uja udali kulengeza chabe, ndipo udati "mubwere" kwa anthu amene sadauzidwepo "mudzabwere".

Izi sizitanthauza kuti kunena msanga kokha n'kokwanira. Uthenga wotumizidwa miyezi itatu tsiku lisanafike, popanda chikumbutso, umakwiririka pansi pa mauthenga a maliro, a mpingo ndi a malonda. Tsiku limene lasinthidwa kawiri limaphunzitsa anthu kusakhulupirira, moti ulendo wachitatu aliyense amadikira kuti aone kaye. Nyengo nayonso ili ndi mawu ake. Mwambo wa mu Disembala umene walengezedwa mu Novembala umapeza Amalawi ambiri atagula kale matikiti a basi yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza, ndipo ndalama zonse zitalowa m'katundu wopita kumudzi.

Ku America, kumene bungwe la Drum Corps International lidachititsa mpikisano wake woyamba mu 1972, amasiyanitsa zinthu ziwiri zimene okonza miyambo ambiri amazisokoneza. Masiku ndi malo a mipikisano amadziwika miyezi yambiri isanachitike, ndipo mpikisano wotsiriza wa mu Ogasiti wakhala ndi mudzi wake ku Indianapolis kuyambira mu 2009, kotero kuti wofuna kupita amapempha tchuthi ndi kusunga ndalama nthawi ikadalipo. Koma mutu wa chionetsero ndi nyimbo zimene gulu lidzaimbe, magulu ambiri amaziulula pang'onopang'ono nyengo ikamayandikira, pofuna kuutsa mudyo. Chinsinsi cha nyimbo chimakoka anthu. Chinsinsi cha tsiku chimawatsekera kunja. Maboma a mganda nawonso ankabisa nyimbo zatsopano ndi masitepe atsopano kuti akadzidzimutse opikisana nawo, koma tsiku lovina sankalibisa.

Okonza miyambo ku Ekurhuleni ali ndi zifukwa zawo, ndipo n'zosayenera kuzinyoza. Bwalo ndi la khonsolo kapena la sukulu ina, ndipo yankho lake limachedwa. Wolipira basi yonyamula ana amalonjeza lero n'kudzatsimikiza mawa. Chichitikire ngozi ya ku Ellis Park mu Epulo 2001, pamene anthu 43 adafa popanikizana pamasewero a mpira, dziko la South Africa lidakhwimitsa malamulo, ndipo lamulo la mu 2010 limafuna kuti okonza zochitika zikuluzikulu adziwitse apolisi nthawi ikadalipo. Mphunzitsi amene adalengezapo tsiku n'kuchita manyazi litalephereka amasankha kukhala chete mpaka zonse zitatsimikizika. Kwa Amalawi okonza magule awoawo, monga pokumbukira ufulu wa pa 6 Julayi, pali mantha enanso. Mu Meyi 2008 anthu 62 adaphedwa pa ziwawa zolimbana ndi obwera, ndipo Ekurhuleni, makamaka malo otchedwa Ramaphosa kufupi ndi Boksburg, adali pakati pa madera amene adaona zoopsa kwambiri. Amene adaona masiku amenewo samata chikwangwani pamtengo wa magetsi chonena kuti Amalawi asonkhana pakutipakuti. Amanong'onezana, ndipo kunong'onezana kumachedwa.

Komabe zifukwa zonsezi zimakhudza bwalo, basi ndi chikwangwani. Sizikhudza tsiku. Mlonda safuna kudziwa dzina la bwalo kuti asinthane ndi mnzake. Akufuna kudziwa kuti ndi Loweruka liti. Mawu ochepa onenedwa teremu ikamayamba, akuti "Loweruka loyamba la Okutobala, malo tidzanena", angathe kubweza makolo ambiri m'bwalo kuposa chithunzi chokongola chotumizidwa Lachinayi. Pambuyo pake padzafunika chikumbutso pa nthawi ya malipiro, ndalama ya minibasi isanadyedwe, ndiyeno china sabata yomweyo. Ndi dongosolo lomwe lija la nyengo, mthenga ndi ng'oma ya madzulo, lasintha zipangizo zokha.

Mtsikana wa ku Daveyton uja watsala ndi zaka ziwiri kuti amalize sukulu, ndipo zionetsero zimene zatsala n'zowerengeka ndi zala. Chimene chili ndi tsiku lodziwika m'gulu lake ndi kuyeserera, kumene kumachitika Lachitatu lililonse akaweruka. Mndandanda wa ntchito ukawapatsa mpumulo Lachitatu, atate ake amapita kukaima kunja kwa mpanda wa sukulu. Amaona ana akuguba ndi nsapato zakutha, mphunzitsi akuwaimitsa ndi kuwabwezera poyambira kasanu kapena kasanu n'kamodzi. Amadziwa pamene mwana wawo amafulumira ndi pamene mzere wachiwiri umakhota, ndipo panjira yobwerera kunyumba amamuuza, iye n'kumayankha m'Chizulu. Yunifolomu ya gululo amangoiona ili pachingwe itachapidwa. Sadamuonepo mwana wawo ataivala m'bwalo.