Tikamapita kwa Dokotala wa Mano, Tizinyamula Mayina a Mankhwala Athu

Ambirife tinakula tikudziwa kuti kwa dokotala wa mano munthu amapitako dzino likafika pomusowetsa tulo, ndipo chopitira chake n'kukazulitsa basi. Khalidwe limeneli tinabwera nalo kuno ku Mangalande. Koma pakati pathu alipo anzathu amene kuzulitsa dzino mwachisawawa kungawaike m'mavuto aakulu kuposa dzinolo.

Tikunena anzathu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chinasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi thupi lomwelo, ngati galu woluma mbuyake. Matenda ake ndi monga lupus, nyamakazi yotupitsa mfundo za mafupa yotchedwa rheumatoid arthritis, ndi Sjögren amene amaumitsa maso ndi m'kamwa. Mwa odwala lupus 10 alionse, pafupifupi 9 ndi amayi, ndipo amagwira kwambiri ife akuda kusiyana ndi azungu. Sapatsirana, ndipo si edzi. Timanena izi chifukwa timadziwana. Mayi akayamba kuthothoka tsitsi, kutopa, zilonda m'kamwa, manong'onong'o amayamba kutchalitchi mpaka kukafika kumudzi pa foni. Akayamba kumwa prednisolone nkhope n'kutupa, omwe aja amati Ulaya wamuyanja. Ndiye munthu amangophunzira kukhala chete, ndipo chete yemweyo amalowa naye kwa dokotala wa mano.

Apa m'pamene pagona vuto. Kawirikawiri dokotala wa mano saona zimene GP kapena a kuchipatala analemba za ife. Amadalira pepala lija timalemba pa risepishoni, lomwe timalithamangira chifukwa tikufuna kukagwira shifiti.

Taganizirani za methotrexate, amene amamwa kamodzi pa mlungu, osati tsiku lililonse. Amatha kuyambitsa zilonda m'kamwa, n'chifukwa chake amaperekedwa limodzi ndi folic acid, ndipo zilonda zikachuluka n'chizindikiro choti tikayezetse magazi msanga. Choopsa kwambiri n'chakuti sagwirizana ndi trimethoprim, amene alimo mu Bactrim. Inde, Bactrim yemwe uja timatumizirana m'masutikesi pamodzi ndi usipa ndi ufa, amene timam'khulupirira pa chifuwa, m'mimba, ngakhale dzino. Awiriwa akakumana m'thupi, mafupa amatha kusiya kupanga magazi, ndipo anthu amafa nazo. Ngakhale Brufen wogula pa shopu, womwa methotrexate kapena amene lupus inamukhudza impso ayambe wafunsa.

Prednisolone naye ali ndi zake. Amachepetsa mphamvu yolimbana ndi tizilombo, kotero bala limachedwa kupola ndipo m'kamwa mumatuluka zoyera zija. Womwa nthawi yaitali sayenera kusiya mwadzidzidzi, ndipo khadi la mankhwalawa limene amatipatsa ndi loonetsa dokotala wa mano asanagwire chitsulo chilichonse. Popeza amafewetsanso mafupa, ambiri amapatsidwa alendronic acid kuti awalimbitse. Mankhwala amenewa amakhalitsa m'mafupa zaka zambiri, ndipo kwa anthu ochepa, dzino likazulidwa fupa la nsagwada limakana kupola n'kuyamba kufa. Sizichitikachitika, koma zikachitika chithandizo chake n'chovuta. N'chifukwa chake madokotala amafuna mano aonedwe ndi kukonzedwa munthu asanayambe kumwa, osati pambuyo pake.

Alipo mankhwala amodzi amene dzina lake limatiseketsa: hydroxychloroquine, m'bale wake wa kolorokwini wowawa uja, amene Malawi inasiya kuchizira malungo mu 1993. Kuno ndiye mzati wa chithandizo cha lupus. Pa mano savuta kwenikweni. Chofunika ndi kupimitsa maso.

Za kuuma m'kamwa timazipeputsa, koma malovu ndiwo amatsuka mano usana ndi usiku. Akasowa, mano amabooka mofulumira, makamaka m'munsi pafupi ndi nkhama. Tsono ife timathana ndi ludzulo ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga, maswiti ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi, makamaka pa ntchito ya usiku m'nyumba zosamalira okalamba. Madzi wamba ndi chingamu chopanda shuga ndiye zothandiza. Dokotala wa mano angathenso kutilembera mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride wokwana 5000 ppm, pamene ogula pa shopu amakhala ndi pafupifupi 1450. Kwa amene zala zinapindika ndi nyamakazi, mswachi wa magetsi umapeputsa ntchito.

Ena mwa ife timakonda kusunga dzino lovuta mpaka tchuthi cha Disembala, kuti tikazulitse kwathu motchipa. Ndalama timazimvetsa, ndipo kupeza dokotala wa mano wa NHS si ntchito yamasewera. Koma amene ali pa mankhwala tatchulawa alembe mayina ake onse papepala, mlingo wake ndi chaka chimene anayamba kumwa, ngakhale amene anasiya kale, ndipo akalipereke kwa aliyense amene adzamuuze kuti ayasamule, kaya ndi ku Leicester kaya ku Limbe.