Tuasilikali twa m'citini ca vanishi

Katoni inafika mu August, yomangidwa na tepu mbali zonse. Mkulu wanga anaipatsila mnansi wathu wina amene anali kubwela kucokela ku UK. M'kati munali tuasilikali twa pulasitiki 60, guluu, tumabotolo twa penti, mabulasho atatu na buku la malamulo a masewela, dzina lake Bolt Action. Pa WhatsApp anangolemba kuti: "Nibwela pa 14 December. Nikapeze wapenta tonse, tikamenyane."

Mkulu wanga amasamalila okalamba ku Nottingham, mzinda umene kuli Games Workshop, opanga Warhammer, na Warlord Games, eni ake a Bolt Action. Kumeneko ni kumene anaphunzila masewelawa. Anthu awili amandandalika magulu awo a nkhondo pa thebulo, amapima mtunda na tepu, ndipo madaisi ndiwo amaweluza ngati cipolopolo calasa. Kamsilikali kalikonse ni ka mamilimita 28, kakafupi kuposa kamtengo ka machisa. Tumabwela totuwa, m'zidutswazidutswa, ndipo kumata na kupenta ni nchito yako. Theka tunali twa Japan, theka twa Britain. Twa Britain anafuna kuti nitupente monga maaskari a Northern Rhodesia Regiment, amene anakamenya nkhondo ku Burma mu 1944 na 1945. Maina aja a Burma Road na Arakan Barracks muno mu Lusaka anacokela kumeneko.

Panali patapita zaka zinayi mkulu wanga atacoka. Poyamba tinali kuceza pa foni mpaka bando kutha. M'kupita kwa nthawi nkhani zathu zinatsala ziwili: "Ndalama zafika?" "Zafika, zikomo." Katoni ija kanali koyamba kuti iye anipemphe kanthu, osati ise kumupempha. Sininafune kumugwilitsa mwala.

Ninayamba monga mmene akatswili a pa YouTube amacitila. Mtundu woyamba, kenako wakuda m'makwinya a yunifomu, kenako wowala pamwamba, pothela tumaso. Kamsilikali kamodzi kanali kunidyela madzulo atatu. Kuwonjezela pa malaiti opita-pita na mapisiweki a masana, October inatha nili na 9 cabe. Totsala 51, masiku otsala osakwana 50. Ngakhale amene anafeluka masamu angaone kuti sizikanatheka.

Atate ni kalipentala. Amagula matabwa ku Buseko na kupalila pansi pa kashedi kuseli kwa nyumba yathu mu Matero. Akanipeza nawelama pa kandulo na kabulasho kanga, anali kupukusa mutu. "Grade 12 yonse ija, mapeto ake tuzidole."

Usiku wina ninaona vidiyo ya njila imene amati dip. Umapaka mitundu yoyamba cabe, osavutika na mithunzi, ndiyeno umaviika kamsilikali konse m'citini ca vanishi yabulauni. Vanishi imatsetseleka pa malo okwela na kukakhala m'malo olowa: m'makwinya, pakati pa zala, m'mbali mwa malamba. Mthunzi umene n'nali kuujambula madzulo athunthu umadzipanga wokha. Ena m'masewelawa amati ni ulesi, ndipo inenso mtima unanyansidwa. Koma December sinali kuyembekezela mtima wanga.

Kampani ya ku Denmark, The Army Painter, imagulitsa vanishi ya nchitoyi, Quickshade, ya mitundu itatu: Soft, Strong na Dark Tone. Kuitumiza kunali kovuta, pakuti zinthu zosacedwa kugwila moto sazilola m'cola ca m'ndeke. Koma ninawelenga kuti isanabwele Quickshade, osewela a ku America anali kuviika mu Minwax Polyshades, vanishi wamba ya matabwa yosakaniza na mtundu. Vanishi ya matabwa! Kuseli kwathu inali m'zitini zosawelengeka.

Atate atapita ku Buseko, ninatenga citini ca mahogany. Inali yolimba monga uci, conco ninathilamo thinazi. Ninaviikamo mmodzi mwa aja 9, amene n'nali kumunyadila ngako. Anatuluka wofiila. Penti inayamba kukwinyika, nkhope inafewa, mfuti inapindama monga nthoci. Atate ananipeza nikali cigwilile.

Sanakalipe za citini cawo. Anatenga kamsilikali, anakanunkhiza.

"Waikamo thinazi? Iwe, thinazi imadya pulasitiki. Unali kufuna kucita ciani?"

Ninawaonetsa vidiyo ija. Anaionelela kawili, foni ataitalikitsa cifukwa ca maso.

"Ni izi cabe? Ni zimene nimacita pa zitseko zosema. Steini imathawila m'mizele, maluwa aja n'kuonekela. Koma mahogany yafiilitsa. Apa pafunika dark oak."

Anapungulila dark oak m'kacitini ka jamu, anathilamo tapentaini pang'onopang'ono, akuvundula na kamtengo mpaka inayamba kudontha monga saladi. Loweluka limenelo tinayesa pa asilikali atatu, ndipo zimene tinaphunzila ni izi.

Vanishi imadetsa ciliconse, conco mitundu yoyamba ifunika kukhala yowalilapo. Izi zinaonekela maningi pa khungu la maaskari. Woyamba ninamupaka bulauni wakuda monga khungu langa, ndipo atatuluka m'citini nkhope inali cibulumwa cabe, yopanda mphuno. Waciwili ninamupaka bulauni wa tiyi wa mkaka wocepa. Anatuluka munthu wakwathu, masaya na cipumi zikuoneka.

Kamsilikali umakagwila kunsi na pulayala, kuviika kamodzi, n'kukakutumula mwamphamvu kasanu kapena kasanu na kamodzi kuti vanishi yoculuka icoke. Uzicitila panja, dzanja lili m'katoni yopanda kanthu. Ine ninakutumulila pafupi na cingwe ca zovala, ndipo citenje ca amai cikali na madontho mpaka lelo. Pakapita mphindi zocepa umayang'ananso. Pamene vanishi yadikha, monga pansi pa cisoti kapena pakati pa miyendo, umaiyamwa na kabulasho konyowetsa mu tapentaini. Kenako umatuvundikila na beseni, pakuti fumbi la m'komboni likamatilila silicoka. Ambili amati maola 24. Atate anati masiku awili, ndipo anali olondola. Tukauma tumang'anima monga maswiti, conco pothela umapaka vanishi yosawala. Mwamwayi kabotolo kake kanali m'katoni ya mkulu wanga.

Kucokela apo nchito inathamanga. Ine n'nali kupenta asilikali 10 pamodzi, mayunifomu onse, kenako mfuti zonse, kenako majombo onse. Kuviika na kukutumula kunakhala kwa atate, ngakhale palibe anawapempha. Anati dzanja langa ni lofooka. Madzulo anayi, gulu la 10 latha.

Sininame, pali cimene cimatayika. Ukanyamula woviika na kumuika pafupi na diso, alibe maso, ndipo mthunzi wake wonse ni wabulauni, kaya pa nsalu kaya pa citsulo. Aja 8 otsala a poyamba ni okongola kuposa. Ninadandaula zimenezi kwa atate. Anatusakaniza tonse pa benchi yawo, ananikankhila kumbuyo sitepe imodzi.

"Posewela mudzaimilila apa, si conco? Nionetse ako okongolawo."

Ninapezako atatu, cifukwa n'nali kukumbukila mmene anagwilila mfuti.

"Kunsi kwa thebulo nimapaka kamodzi, pamwamba katatu," anatelo. "Kasitoma safuna thebulo imene idzakongola caka camawa. Afuna yodyelapo."

Womaliza anauma pa 9 December. Mkulu wanga atafika, masiku awili oyamba anali a acibale na mapemphelo. Tsiku lacitatu tinagoneka citseko ca kasitoma wina pa madilamu awili. Zidutswa za mukwa zinakhala nyumba, utuci unakhala mtsinje. Anatsegula katoni, ananyamula askari mmodzi. N'nali kuyembekezela kuti aone zakuti alibe maso. Iye anamufikitsa pa mphuno, anakhala cete kwa kanthawi.

"Anunkha kunyumba," anatelo.

Tinasewela mpaka mdima, ndipo ananigonjetsa kawili. Tinakangana za malamulo, tinanyozana, tinaseka monga kale, ndipo za ndalama palibe anachula. Masewela acitatu atate anakoka mpando, anati madaisi a maaskari aziponya ndiwo, pakuti asilikaliwo anapita m'manja mwawo.

Pobwelela, mkulu wanga ananyamula twa Japan, maaskari anatisiyila. Uja wosungunuka nkhope ali pa shelufu ya atate, pakati pa zitini. Akabwela mnyamata watsopano wophunzila nchito, amamuonetsa asanamugwilitse thinazi.