Munthu wamkulu ndi chuma chake

Uthenga unafika titangochoka ku swalah ya Isha. Unachokera kwa mnyamata amene tinamuphunzitsa alif ndi baa pakhonde la madrasa zaka zambiri zapitazo, ndipo tsopano amagwira ntchito m'sitolo ku Cape Town. Anali atasunga ndalama zoti amalizire nyumba ya mayi ake kuno ku Mangochi, malata okha ndiwo anatsala. “Mwalimu,” analemba, “pa foni pali thumba la masheya a ku America limene limapereka phindu katatu. Msika ukakwera pang'ono, ine ndakwera kwambiri. Palinso lina limene limapindula msika ukagwa. Kodi ndi halali?”

Sitinamuyankhe usiku umenewo. Ku koleji tinaphunzira fiqh ya malonda, koma nkhani ya matumba amenewa inatitengera masiku angapo tikuwerenga ndi kuwerengetsera papepala.

Matumba oterewa anayamba kugulitsidwa pa misika ya masheya ya ku America mu 2006 ndi kampani ya ProShares, ndipo mu 2008 kampani ya Direxion inabweretsa ochulukitsa katatu. Lonjezo lawo ndi la tsiku limodzi lokha, ndipo apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Tiyerekeze kuti munthu waika K100,000. Lolemba msika watsika ndi 10 peresenti, Lachiwiri wakwera ndi 11 peresenti ndi kachidutswa, wabwerera pamene unali. Amene anagula masheya wamba ndalama yake ili yonse. Amene anagula thumba la katatu anataya 30 peresenti Lolemba, natsala ndi K70,000. Lachiwiri anakwera ndi 33 peresenti ya zotsalazo, nafika pa K93,000. Msika sunapite kulikonse, koma iye waluza K7,000. Msika ukamagwedezeka chotere miyezi ingapo, ndalamayo imatha pang'onopang'ono ngati mchenga wa pagombe nyengo ya mwera. Nthawi zina imatha tsiku limodzi: pa 5 February 2018 chikalata cha mtundu womwewu chotchedwa XIV, cha banki ya Credit Suisse, chinataya mtengo woposa 90 peresenti, ndipo posakhalitsa chinatsekedwa.

Yankho la funso lake silinativute. Phindu la katatu silichokera m'malonda a katundu. Limachokera m'mapangano ndi mabanki amene mkati mwake muli chiwongola dzanja. Thumba lopindula msika ukagwa limatsamira pa kugulitsa chimene munthu alibe, chinthu chimene Mtumiki (SAW) analetsa. Tinamuuza mwana wathu kuti atalikire, agule malata.

Chimene chinatisowetsa tulo ndi chimene iye anabweza. “Ndamva, mwalimu. Koma anzanga ena akuti boma lisalowerere. Munthu wamkulu aziona yekha ndi ndalama zake.”

Mkangano umenewu unachitikadi ku America. Mu November 2019 bungwe loyang'anira misika ya masheya, la SEC, linaganiza zoti makampani ogulitsa masheya azifunsa kaye munthu wamba za chuma chake ndi zimene akudziwa asanamulole kugula matumba amenewa. Anthu ambiri analemba makalata okana, ponena kuti si ana. Mu October 2020 bungwelo linasiya ganizolo. Linangoika malire akuti matumba atsopano asapitirire kawiri, koma akale a katatu anasiyidwa kuti apitirize. Dziko la South Korea linatenga njira ina chaka chomwecho. Anthu wamba ataluza kwambiri pamene mtengo wa mafuta unagwa mu April, boma linalamula kuti wofuna kugula matumba ochulukitsa akhale ndi ndalama zokwana 10 miliyoni won mu akaunti, ndiponso ayambe wachita phunziro la ola limodzi pa intaneti.

Tikuwerenga zimenezi tinaseka tokha, chifukwa mkanganowu tinauloweza tili anyamata, pansi pa mutu wa hajr, kuletsa munthu kugwiritsa ntchito chuma chake. Surah An-Nisa imaletsa kupereka chuma m'manja mwa safih, munthu wosakaza, ndipo imalamula kuyesa ana amasiye asanapatsidwe chawo. Imam Abu Hanifa anakana kuti munthu mfulu, wamkulu ndi wamaganizo abwino amangidwe manja chifukwa cha kusakaza. Kwa iye kumuchotsera ulemu wa umunthu kunali kuwononga kwakukulu kuposa kutayika kwa ndalama. Ophunzira ake awiri, Abu Yusuf ndi Muhammad al-Shaybani, anasiyana naye, ndipo Imam Shafi'i, amene ambiri a ife kuno kunyanja timatsatira, analola kuti qadi amuletse wosakazayo kufikira ataonetsa rushd, kukhwima pa zachuma.

Ife tinaleredwa mbali ya Shafi'i, ndipo pankhani ya matumbawa tikuona kuti a ku Korea anayandikira choonadi kuposa a ku America. Sanatseke chitseko, anaika mayeso pakhomo. Komabe mawu a Abu Hanifa sititha kuwataya. Malire a 10 miliyoni won amayesa kukula kwa thumba la munthu, osati nzeru zake. Wolemera wosakaza amadutsa, wosauka wochenjera amabwezedwa. Ndipo ife amene timaphunzitsa ana tikudziwa bwino zimene ola limodzi limasiya m'mutu. Qadi ankamudziwa safih ndi maso, ankamva umboni wa abale ndi anansi. Foni sidziwa kuti ndalama imene ikulandira ndi ya malata a mayi wamasiye.

Mnyamatayo tinamutumizira masamu aja a Lolemba ndi Lachiwiri, tinamupempha awerengetsere yekha mpaka Lachisanu. Anakhala chete sabata yathunthu. Kenako anatumiza chithunzi cha pepala lodzaza manambala, pansi pake atalemba funso lina: ngati ndalama za malata zingadikire miyezi itatu, kodi pali masheya a halali amene angaikemo? Funso limenelo tikulifufuzabe, ndipo mvula yoyamba yayandikira.