Timakeke ta mazira ta ku Cyrildene ndi lamulo la apongozi anga

Apongozi anga anatsika basi ku Park Station ndi zikwama zitatu: china cha ufa woyera, china cha nyemba, usipa ndi mfutso, chachitatu cha zovala. Anachokera ku Ntcheu kudzandidikirira, poti ndinali ndi pakati pa miyezi 6 ndipo kuno ku Joni tilibe wachibale wamkazi. Atapumula tsiku limodzi anayamba kuyendera nyumba. Atatsegula fuliji anaima.

"NaPhiri, mazira awa ndi a ndani?"

"Ndi athu, amayi."

"Azidya mwamuna wanu yekha. Inu ayi, mpaka muchire."

Wokulira kumudzi lamuloli akulidziwa: mayi woyembekezera akamadya mazira, mwana amabadwa wopanda tsitsi. Ndinayankha kuti ndamva, ndipo sindinavutike kulonjeza chifukwa mazira okazinga ankandichititsa nseru ndi fungo lomwe. Chimene sindinawauze n'chakuti Loweruka lililonse ndinkakwera minibasi kuchoka ku Bez Valley kupita ku Cyrildene kukagula chinthu chomwe mkati mwake ndi mazira okhaokha.

Pachingerezi amachitchula egg tart, a ku Hong Kong amati dan tat. Ine ndimangoti kakeke ka mazira, ngakhale si keke kwenikweni. Ndi kachigoba ka ufa wa tirigu, kukula ngati kamwa ya kapu ya tiyi, ndipo mkati amathiramo mazira omenya ndi madzi a shuga komanso mkaka wa m'chitini, n'kuwotcha mu uvuni mpaka zitagwirana ngati kasitadi. Koyamba ndinakalawa kuntchito. Ndimagulitsa m'shopu ya makatani, ndipo akazi a abwana, omwe kwawo ndi ku Guangzhou, anabwera nato tsiku lina m'kabokosi tikadali totentha. Nthawi imeneyo ndinangoti n'zokoma, basi. Koma pakati patafika miyezi 4, kakeke kaja kanayamba kundibwerera m'maganizo usiku, ngati mmene ena amafunira dothi la chulu kapena mango osapsa.

Cyrildene ndiye dera la Matchaina la masiku ano mu Johannesburg. Lakale linali m'tauni, mu Commissioner Street, koma kuyambira m'zaka za m'ma 1990 obwera kumene anayamba kukhazikika mu Derrick Avenue. Msewuwu si wautali. Uli ndi zipata zazikulu zokongoletsedwa, ndipo pakati pake ndi malesitilanti, mashopu a ndiwo zamasamba zomwe sindizidziwa maina, ndi malo ophika buledi. Ine ndinazolowera malo atatu, ndipo pofika mwezi wachisanu ndi chiwiri ndinali nditasanduka woweruza wosalembedwa ntchito.

Malo oyamba ndi lesitilanti yomwe m'mawa imagulitsa tizakudya tating'onoting'ono tomwera tiyi, tomwe amati dim sum. Kakeke kawo chigoba chake n'chopyapyala, chosanjikizana ngati makoko a anyezi. Ukangoluma chimayoyoka, zinyenyeswa pachifuwa, pamimba, paliponse. Akazi a abwana anandifotokozera kuti amakanda ufa pawiri, wina ndi madzi, wina ndi mafuta, kenako amakulunga wamafuta uja mkati mwa wamadzi, n'kumaupinda ndi kuufutukula kangapo. Mu uvuni mafuta aja akasungunuka ndiye timasamba tija timalekana. Chigobacho sichitsekemera, chili ndi kamchere pang'ono, choncho kukoma kwa mazira kumamveka bwino. Koma apa ndichenjeze abale athu Achisilamu ndi a Seventh Day: kaphikidwe kakale ka chigoba chotere n'ka mafuta a nkhumba. Ena masiku ano amaika batala kapena majarini, koma funsani musanagule. Mnzanga wina wa ku Mangochi anadya tiwiri tisanadziwe, ndipo mpaka lero amandikumbutsa.

Malo achiwiri ndi bekale yaing'ono ya mayi wina wachikulire wosaseka. Chigoba cha kwa iye chili ngati bisiketi wa batala: cholimbirako, chotsekemera, chosayoyoka. Mtundu umenewu ndi womwe unatchukitsa bekale ya Tai Cheong ku Hong Kong, yomwe inayamba mu 1954. Bwanamkubwa womaliza wa Angerezi kumeneko, Chris Patten, yemwe analamula kuyambira 1992 mpaka 1997, ankadziwika kuti amakonda timakeke ta pamenepo. Sindikumudabwa. Kasitadi wa mayi wosasekayu ndi wosalala ngati galasi, wachikasu chowala, ndipo ukagwedeza kabokosi amanjenjemera pang'ono pakati koma osatayika. Ukafika cha m'ma 10 koloko m'mawa umapeza thileyi ikungotuluka mu uvuni. Ukachedwa, wadya zozizira, ndipo kakeke ka mazira kozizira n'chimodzimodzi nsima ya dzulo.

Malo achitatu sindiwaikira kumbuyo. Ndi shopu yaikulu ya zakudya, komwe timakeke timakhala m'kabati ya magalasi kaya kuyambira liti. Pansi pake pamakhala ponyowa, kasitadi ali ndi timabowo ngati siponji, mtundu wake wachikasu chonyanya ngati anathiramo utoto, ndipo kafungo ka dzira kamatsalira kukhosi. Timabowoto ndi chizindikiro choti moto unachuluka kapena anachedwa kutulutsa: mazira akapsa mopitirira amakhwinyata n'kutulutsa madzi, madziwo ndi omwe amanyowetsa chigoba. Ndinagulako kawiri, kachiwiriko chifukwa kwina konse anali atatseka. Pakati salemekeza munthu.

Nditafunsa chifukwa chake chakudya cha ku China chili ndi batala ndi mkaka, zomwe sizipezeka kwambiri m'maphikidwe awo akale, akazi a abwana anaseka. Anati kakekeka ndi mwana wa m'doko. Kanayambira ku Guangzhou m'zaka za m'ma 1920, ophika a kumeneko atatengera kasitadi wa Angerezi, ndipo kanawolokera ku Hong Kong cha m'ma 1940, komwe kanasanduka chomwera tiyi cha munthu wamba.

Pali mtundu wachitatu womwe poyamba ndinkaunyoza. Mayi wosaseka uja amaphikanso tina tomwe pamwamba pake pamakhala madontho akuda, ngati wophika anaiwala uvuni n'kupita kukacheza. Ndinaloza tsiku lina n'kufunsa ngati atsitsa mtengo poti tapserera. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena mawu amodzi okha: "Macau." Kupsererako n'kwadala. Macau inali m'manja mwa Apwitikizi mpaka 1999, ndipo Apwitikizi ali ndi kakeke kawo, pastel de nata, komwe kanachokera kwa amonke a ku Jerónimos mu mzinda wa Lisbon. Nyumba za amonke zitatsekedwa mu 1834, kaphikidweko kanagulitsidwa, ndipo shopu ya Pastéis de Belém yakhala ikuphika timakeke timeneti kuyambira 1837. Chodabwitsa n'chakuti yemwe anatchukitsa mtunduwu ku Macau sanali Mpwitikizi kapena Mtchaina, koma Mngerezi, Andrew Stow, yemwe anatsegula Lord Stow's Bakery ku Coloane mu 1989. Kasitadi wake ndi wonona kwambiri, wa kirimu ndi zachikasu za mazira, ndipo amawotcha pa moto waukali kuti shuga wa pamwamba apserere. Kwa ine n'kolemera. Ndikadya kamodzi ndimafuna kugona.

Zonsezi ndinkachita mobisa. Ndinkanena kuti ndikupita kukagula kabichi wotchipa, ndipo kabichiyo ndinkabwera nayedi. Timakeke ndinkadyera pa siteji, nditatembenukira kukhoma ngati mwana woba shuga. Amuna anga ankadziwa, koma anasankha kukhala ngati sakudziwa. Nditawauza kuti alankhule ndi amayi awo, anati, "Inu, miyezi itatu yokha. Mukufuna nkhondo m'nyumba ya zipinda ziwiri?"

Ku sikelo ndinali nditafunsa kale. Anamwino anati mazira opsa bwino ndi chakudya chabwino kwa mayi woyembekezera ndipo tsitsi la mwana silikhudzana nawo. Chomwe anandichenjeza ndi shuga, chifukwa matenda a shuga amatha kubwera ndi pakati. Anandiyeza magazi, anapeza kuti zili bwino, koma anati zotsekemera zikhale za apo ndi apo. Ndiye ndinadziikira malire: tiwiri pa Loweruka, osapitirira.

Mukhoza kufunsa kuti bwanji sindinangowauza apongozi zimenezi. Chifukwa ndinkadziwa mbiri yawo. Pa ana asanu ndi awiri omwe anabereka, awiri anawaika m'manda asanakwanitse mwezi. Chipatala chinali kutali, ndipo chomwe anali nacho m'manja ndi malamulo omwe anawapatsa anamkungwi: usadye ichi, usaime pakhomo, usachite chakuti. Ine ndimaganiza kuti lamulo la mazira linayamba pofuna kuti nkhuku ziswane, koma amenewo ndi maganizo a munthu amene ali ndi foni ndi khadi la ku sikelo. Iwo anayenda masiku awiri pa basi, miyendo itatupa, kuti mdzukulu wawo afike bwino. Kuwauza kuti zomwe amadziwa n'zachabe kunali ngati kuwauza kuti ulendo wonsewo unali wachabe.

Chinandigwiritsa ndi chigoba choyoyoka chija. Loweruka lina kunagwa mvula, sindinathe kudyera pa siteji, ndiye ndinabisa kabokosi pansi pa kabichi n'kukadyera kuchipinda. Ndinasesa, koma zinyenyeswa zina zinatsalira pa chitenje. Madzulo ndinapeza kabokosi kali patebulo, kotsegula, mkati mutatsala kamodzi. Apongozi anali atakhala pampando, manja pamiyendo.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi keke ya Matchaina, amayi."

Anatenga supuni, natapa pakati, nalawa. Anakhala chete.

"Muli mazira umu."

"Eya, amayi."

"Kuyambira liti?"

"Musanabwere n'komwe."

Ndinkayembekezera kukalipiridwa. Iwo anangoti, "Ndiye mwakhala mukundinamiza ndi kabichi," n'kupita kukagona osadya. Zinandipweteka kuposa kukalipa. Mawa lake ndinagwada pakhomo la chipinda chawo n'kupepesa, osati chifukwa cha mazira, koma chifukwa cha bodza. Ndinawapempha kuti tsiku la sikelo tipitire limodzi, akafunse okha.

Anapita, atavala chitenje chawo cha Mvano. Ine ndinkamasulira. Anamvetsera zonse, anafunsa za kutupa kwa miyendo yanga, za mapilitsi owonjezera magazi, ndipo pa za mazira sanatsutse koma sanavomerenso. Tili mu minibasi anati, "Anamwino anena zawo. Ine mazira sindikuphikirani. Koma kumene mumapitako Loweruka ndikufuna ndikakuone, musamayende nokha ndi mimba yotere."

Umu ndi mmene mayi wa zaka 63 wa ku Ntcheu anapezekera mu Derrick Avenue akuyang'ana abakha owotcha atapachikidwa pawindo. Ndinagula mitundu yonse itatu n'kukhala nawo pa benchi. Koyoyoka anati n'kosokoneza, chakudya chanji chothera pa zovala. Ka bisiketi, komwe ine ndimakaika patsogolo, anati n'ka ana. Kenako analuma kopserera kaja, ka ku Macau. Anatafuna pang'onopang'ono, nayang'ana madontho akuda aja.

"Aka ndiye kali ndi nzeru. Kakukoma ngati nkhoko za phala la mkaka."

Anandiuza kuti ali mtsikana sanadyepo dzira lathunthu. Mazira anali a alendo, a abambo, kapena ogulitsa kuti apeze mchere ndi sopo. Anamaliza kakeke konse, napukuta zala pa mpango, n'kundituma kuti ndikagule kena koti akadye ndi tiyi madzulo.

Kuyambira pamenepo Loweruka linakhala lathu. Sabata ina amuna anga anatitengera ku Rosettenville, dera lakale la Apwitikizi komwe Nando's inayambira mu 1987, kuti tikalawe pastel de nata weniweni, wowaza sinamoni pamwamba. Chigoba chake chimalira ukaluma, ndipo kasitadi wake ndi wofewa ngati phala, wonunkhira khungu la ndimu. Apongozi anati n'zabwino, koma sinamoniyo akununkha ngati mankhwala. Anabwerera kwa mayi wosaseka uja. Awiriwa sankamvana chilankhulo, koma apongozi akangolowa, mayiyo ankayamba kale kuika topserera tiwiri m'kabokosi. Ine mpaka lero ndili ku mbali ya bisiketi, ndipo nkhaniyi sitinagwirizanepo. Ine ndikamadya anga iwo ankayang'ana kumbali, ngati sakuona.

Mwana anabadwa Lachitatu m'bandakucha, wamkazi, wolemera makilogalamu 3.2. Atamubweretsa, chinthu choyamba chomwe ndinachita ndi kusuntha kachipewa. Tsitsi linalipo kumbuyo ndi m'mbali mokha. Pamwamba ponse mbee, ngati dzira lomwe.

Mtima unagunda. Apongozi anamulandira, namuyang'anitsitsa mutu nthawi yaitali, akusisita ndi chala. Kenako anakweza maso kuyang'ana mwana wawo, yemwe ali ndi zaka 31 koma chipewa sachivula pagulu.

"Ili ndi dazi la kwathu," anatero. "Agogo ake analinso chonchi. Iwe, m'malo moima pamenepo, pita kwa Matchaina ukawagulire amake a mwana timakeke tawo. Ine unditengere topserera."