Cholembera Chopanda Inki

Kwathu ku Bwanje, m'boma la Ntcheu, ndinayamba kujambula ndi makala pa khoma la khitchini, ndipo amayi ankandithamangitsa ndi tsache. Ndili Sitandade 7 tinapita ku Mua kukaona KuNgoni, malo a zaluso amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Nditaona zithunzi za pa makoma a Chamare ndi amisiri akusema mitengo, ndinabwerera kwathu tulo titandithawa.

Pa tchuthi cha mu Ogasiti 2023 amalume anga, amene amasamalira maluwa pa nyumba za anthu ku Johannesburg, anaimba foni. "Mphwanga, ndamva kuti umajambula. Sankha chida chimodzi ndikugulire, koma uganizire thumba langa."

Anzanga, kusankha n'kovuta pamene ndalama zake ndi thukuta la munthu wina. Matabuleti ojambulira alipo a mitundu iwiri. Ena ali ndi sikirini, ndipo umajambula pomwepo ngati pa pepala. Amenewa ndiwo mtima wanga unkafuna, koma mtengo wake ndi wokwera kwambiri, ndiponso ambiri amafuna kompyuta ndi magetsi odalirika. Kwathu magetsi athu ndi kasola kamodzi kotchajira foni. Ena alibe sikirini: ndi kabolodi kakuda konga sileti, kamene kamakoka mphamvu pang'ono kudzera pa chingwe cha USB. Dzina lotchuka pa zida izi ndi Wacom, kampani ya ku Japan imene inayamba mu 1983, koma ine ndinasankha kakang'ono ka Huion ya ku China, chifukwa kanali kotsika mtengo ndipo kamalumikizika ku foni ya Android ndi kachida kotchedwa OTG.

Cholembera chake n'chodabwitsa. Chilibe inki, chilibenso batire. Mphamvu chimalandira kuchokera m'bolodi momwemo mwa njira ya maginito. Ukakanikiza, mzere umanenepa. Ukapepuza dzanja, umawonda. Pa bokosi analemba kuti chimasiyanitsa makanikizidwe 8192. Langa dzanja mwina limadziwa atatu okha.

Masabata awiri oyamba ndinatsala pang'ono kulira. Dzanja lili pa bolodi, maso ali pa foni, ndipo ziwirizi sizinkamvana. Ndikati ndijambule mpira, inkatuluka mbatata. Amalume akafunsa, ndinkangoti, "Zikuyenda bwino," kabolodi kali pansi pa mphasa. Chinandithandiza ndi kujambula mizere ndi mabwalo okhaokha m'mawa uliwonse ndisanapite kudimba, mpaka dzanja linasiya kudikira maso.

Vuto lenileni linabwera dzanja litazolowera. M'mapulogalamu ojambulira, monga ibisPaint pa foni kapena Krita pa kompyuta, muli batani lobweza mzere umene walakwitsa. Pa kompyuta ndi Ctrl ndi Z. Silisiya chipsera ngati labala. Nditayamba kujambula nkhope ya agogo anga aakazi, mayi wawo wa amalume, batanili ndinalikonda zedi. Mzere uliwonse wokhota ndinkaubweza. Patatha masiku anayi chithunzi chinali chosalala, ndipo ndinapita nacho pakhonde monyadira.

Agogo anaiyandikiza foni kumaso, naibweza patali, naiyandikizanso.

"Ameneyu ndi mwana wa yani?"

"Ndinu, agogo."

"Ine? Nanga mphini zanga zili kuti? Dzino langa losweka lija walipereka kwa yani?"

Azichemwali anga anaseka mpaka kugwa. Ine manyazi anandigwira, pakuti mizere imene ndinkayesa zolakwa inali makwinya awo. Ndinali nditajambula mayi wa pa chikwangwani chotsatsa sopo.

Ndinakumbukira amisiri a ku Mua. Iwo sompho ikadya mtengo, yadya. Motero amayamba ayang'anitsitsa asanateme. Tsiku lotsatira ndinawapempha agogo akhale pansi pa mtengo wa mango akusola chimanga, ndipo ndinadziikira lamulo lakuti batani lija sindiligwira. Ndinatha nthawi yaitali ndikungowayang'ana. Ndi tsiku limenelo pamene ndinazindikira kuti diso lawo lakumanzere layamba kuchita ng'ala.

Chithunzicho chinatuluka chokhota khutu limodzi. Agogo anangoti, "Eya," napitiriza kusola.

Madzulo ndinachitumiza kwa amalume pa WhatsApp. Anachiona nthawi yomweyo, koma sanayankhe mpaka m'mawa. Za tabuleti sanafunse n'komwe. Anangolemba kuti, "Amayi akalamba chonchi? Uwauze ndikubwera pa Khirisimasi."