Dzina la Pamzere Wachiwiri

Mwezi wa Ogasiti ukafika m'dziko la America, mabwalo a masewero a m'sukulu za sekondale amadzaza ndi anyamata ovala zisoti zolimba ndi zotchinjiriza mapewa. Imeneyi ndi nyengo yokonzekera mpira umene eni dzikolo amaukonda koposa, mpira wooneka ngati dzira umene amathamanga nawo m'manja ndi kuponyerana m'malere. Nyengo yomweyinso ndi imene aphunzitsi a matimu amasowa tulo, pakuti masewero oyamba asanafike amayenera kupachika pakhoma mayina a anyamata amene adzayambe kusewera. Mnyamata mmodzi akalembedwa, ndiye kuti wina wasiyidwa.

Pasukulu ina ya m'tauni yaing'ono padali mphunzitsi wa timu amene adagwira ntchitoyi mpaka imvi kuyamba kumera. Tsiku lina madzulo, anyamata onse atapita kwawo, iye adatsala yekha mu ofesi, pepala lili patebulo. Mayina khumi adali atalemba kale mosavuta. Mzere umodzi wokha ndi umene udamuimitsa mutu: malo a wowakha mpira wachiwiri.

Kuti vuto lake limveke, n'kofunika kudziwa m'mene masewerowa amayendera. Timu iliyonse imalowetsa anthu 11 m'bwalo. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mpata woyesa kanayi kuti isunthe mayadi 10. Ikatha kutero imayambanso kuwerenga, koma ikalephera mpira umapita kwa adani. Wofika nawo kumapeto kwa bwalo amapezera timu yake mapointi 6. Woponya mpira, amene amamutcha quarterback, amadalira owakha amene amaima cha m'mphepete mwa bwalo, wina uku wina uko. Wowakha woyamba ndiye katswiri wodziwika, ndipo pachifukwa chimenechi adani amakonda kumuikira anthu awiri omulonda. Zikatero wowakha wachiwiri amatsala ndi mlonda mmodzi yekha. Ngati iye ali wofooka, adani samutaya naye nthawi. Onse amakaunjikana pa katswiri uja ndipo timu yonse imauma. Akuluakulu adati chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Komabe ntchito ya wachiwiriyu ndi yowawa. Amathamanga kambirimbiri ndi mphamvu zake zonse chonsecho akudziwa kuti mpirawo sukubwera kwa iye, cholinga chili kungokoka mlonda kuti mnzake apeze danga. Amatchinga adani ndi thupi lake kuti wina adutse. Amatumidwa pakati pa bwalo, pamene pali zimphona zogunda mopanda chisoni. Pamapeto pake anthu amaimbira m'manja munthu wina.

Anyamata olimbirana malowa adali awiri. Woyamba adali wamtali, wa liwiro la gwape, ndipo adali ndi zaka zina ziwiri zoti akhalebe pasukulupo. Akawakha mpira pamalo poyera padalibe womupeza. Wachiwiri adali m'chaka chake chomaliza. Kwa zaka zitatu adakhala pabenchi osadandaula, osajomba pokonzekera ngakhale tsiku limodzi. Liwiro adalibe lambiri, koma mpira ukagwa m'manja mwake sunkapulumuka. Kwa iye chaka chimenechi chidali mwayi wotsiriza woti aonedwe ndi anthu a m'makoleji amene amayendera masukulu kufuna anyamata oti awalipirire maphunziro, ndipo kwawo ndalama za koleji kudalibe. Othandiza mphunzitsiyo adagawanika. Ena adati liwiro siliphunzitsidwa, choncho wamtaliyo ayambe. Ena adati kukhulupirika kuyenera kulipidwa.

Atakhala chete kwa nthawi, mphunzitsi uja adakumbukira masewero amene adaonera pa wailesi yakanema ali mnyamata. Padali pa 22 Januwale 1989 mumzinda wa Miami, pamene timu ya San Francisco 49ers idakumana ndi ya Cincinnati Bengals m'masewero omaliza a Super Bowl. Kutatsala mphindi zitatu ndi pang'ono, Bengals idali patsogolo ndi mapointi 16 kwa 13, ndipo San Francisco idali ndi mayadi 92 oti iyende. Tsiku limenelo Jerry Rice, wowakha woyamba, adawakha mipira 11 ndi kuyenda nayo mayadi 215. John Taylor, wowakha mnzake, adali asanawakheko mpira woponyeredwa ngakhale umodzi. Koma kutatsala masekondi 34, maso a anthu ambiri ali pa Rice, Joe Montana adaponyera Taylor mpira wa mayadi 10 ndipo iye adauwakha kumapeto kwa bwalo. San Francisco idapambana ndi mapointi 20 kwa 16. Mphotho ya wosewera bwino koposa idapita kwa Rice. Chimene mphunzitsiyo sadaiwale n'chakuti munthu amene adadikira masewero onse osawakhako mpira woponyeredwa adali maso ndithu pamene nthawi yake idakwana.

Nkhani ya timu imeneyi ili ndi mbali ina imene anthu saikamba kawirikawiri. Dwight Clark atapuma kumapeto kwa nyengo ya 1987, padafunika woima mbali ina ya Rice. Padali Mike Wilson, amene adatumikira timuyo kuyambira 1981, ndiponso Taylor, amene adamutenga mu 1986 kuchokera ku koleji yaing'ono ya Delaware State ndipo ankadziwika kwambiri ndi kubweza mipira yomenyedwa ndi phazi. Pofika nyengo ya 1989, timu ili m'manja mwa George Seifert amene adalowa m'malo mwa Bill Walsh, malowo adali a Taylor. Chaka chimenecho adawakha mipira 60 ya mayadi 1,077, ndipo pa 11 Disembala, posewera ndi Los Angeles Rams, adagoletsa kawiri ndi mipira ya mayadi 92 ndi 95. Adali wotchukanso potchingira anzake. Wilson sadachoke mokwiya. Adakhalabe mpaka 1990, ndipo ndi mmodzi mwa anthu ochepa amene adapambana Super Bowl kanayi ndi timuyo.

Choncho chikumbumtimacho sichidamupeputsire katundu mphunzitsi uja. Taylor adali ndi zinthu ziwiri: adani ankamuopa, komanso ankagwira ntchito pamene mpira suli wake. Anyamata akewo adagawana zinthuzi, wina ichi wina icho.

Usiku womwewo adatenga kanema wa zokonzekera za sabata ziwiri. Sadaonere pamene anyamatawo ankawakha mpira, chifukwa zimenezo ankazidziwa kale. Adasankha pokhapo pamene mpira unkapita kwa munthu wina. Apa ndi pamene adaona chimene maso ake adachiphonya pabwalo. Mnyamata wamtali uja, akadziwa kuti mpira ukubwera kwa iye, ankawerama, zala zili chire, n'kunyamuka ngati muvi. Akadziwa kuti sukubwera, ankaima chilili manja ali lende, n'kunyamuka mwaulesi. Mlonda wochenjera akadazindikira zimenezi masewero asanafike pakati, ndipo thupi la mnyamatayo likadaulula chinsinsi cha timu yonse. Mnzake uja ankanyamuka chimodzimodzi nthawi zonse, mwakuti ngakhale mphunzitsi mwini wake sakadatha kulosera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Adatenga cholembera nalemba dzina la wa m'chaka chomaliza.

M'mawa mwake wamtali uja adafika mu ofesi nkhope ili gwaa.

"Aphunzitsi, kodi ndalakwa chiyani? Alipo pano wondiposa liwiro?"

"Palibe, mwana wanga," adayankha motero mphunzitsiyo. "Khala pansi uone."

Adamuonetsa kanemayo kawiri osanena kanthu. Kachitatu mnyamatayo adaweramitsa mutu yekha.

Kukamba ndi wosankhidwayo ndiko kudali kovuta koposa. "Lachisanu lino malowa ndi ako, ndipo wawagwirira ntchito," adatero mphunzitsi. "Koma sindifuna kukunamiza. Mnzakoyu akadzaphunzira zimene iwe ukudziwa, adzakulanda, chifukwa ali ndi chimene ine sindingakupatse. Ndipo ndikupempha kuti umuphunzitse ndiwe."

Mnyamatayo adayang'ana pansi kwa nthawi yaitali. Ankadziwa bwino chimene pempholo limatanthauza pa maphunziro ake. Potsiriza adati, "Ndamva, aphunzitsi. Ndiyamba naye lero."

Ndipo adayambadi. Madzulo alionse anzawo akamapita kukasamba, awiriwa ankatsala pabwalo, wamkulu akuonetsa wamng'ono poika phazi, pogwira mdani pomutchinga, ndi m'mene angabisire maganizo ake kwa mlonda. Wamkuluyo adayamba masewero asanu, ndipo adasewera mokhulupirika monga mwa khalidwe lake. Pofika pakati pa Okutobala kanema adayamba kuonetsa zina: wamtali uja ankanyamuka mofanana nthawi zonse. Mphunzitsi adasunga mawu ake. Adatsitsa pepala pakhoma napachika lina, dzanja likulemera.

Anthu odzaonerera Lachisanu lotsatira adakondwa kuona liwiro la mnyamata watsopanoyo, ndipo ena adafunsa chifukwa chimene mphunzitsi adachedwera kumulowetsa. Iye sadawayankhe. Woonerera amawerenga mipira yowakhidwa, pamene mphunzitsi amayenera kuwerenganso maulendo onse amene mnyamata adathamanga popanda womuponyera. Wa m'chaka chomaliza uja ankalowabe timu ikafuna owakha atatu, ndipo mphunzitsi adamulembera makalata ku makoleji angapo, kufotokoza zimene kanema saonetsa. Mapepala awiri aja, loyamba ndi lachiwiri, adawapinda pamodzi nawasunga m'kabati ya mu ofesi yake, ndipo chaka chilichonse Ogasiti akafika ankayamba wawatulutsa asanalembe dzina lililonse.