Belu, Foni ndi Mtengo wa Msangu

Ambiri a ife amene tikugwira nchito ya uphunzitsi m'zigawo za Tete ndi Niassa tinabadwira m'mabanja a alimi ndi asodzi. Makolo athu ankawerenga nthawi poyang'ana mitambo, mphepo ndi mitengo. Nyenje zikayamba kulira m'kutentha kwa Okutobala, ankadziwa kuti dzinja layandikira. Mvula ya cizimalupsa ikagwa, ankadziwa kuti minda iyenera kukhala yososa kale, komabe mbewu ankaisiya m'nkhokwe kudikira mvula yeniyeni yobzalira. Ife ana awo caka cathu cimayamba pa tsiku limene Unduna wa Maphunziro walengeza, tsiku lathu limagawidwa ndi belu, ndipo mwezi timati watha pamene uthenga wa malipiro walowa pafoni. Zonsezi zasintha m'mbadwo umodzi wokha, conco ndi bwino kuti tikhale pansi ndi kuona zimene kusinthaku kwatipatsa ndi zimene kwatilanda.

Zimene tapindula n'zoonekeratu, ndipo kuzinyoza kungakhale kusayamika. Malipiro a pamwezi amatiteteza ku njala ya caka ca cilala, imene makolo athu ankaiopa kwambiri. Mphunzitsi wa ku Tsangano amatha kutumiza ndalama kwa amayi ake ku Metangula kudzera pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh popanda kukwera galimoto. Mu Januwale 2022, pamene namondwe Ana anadzaza mtsinje wa Revúboè mpaka kugumula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize, mabanja ambiri anamva za abale awo pafoni ndi pawailesi. Palibe mmodzi wa ife amene angafune kubwerera ku masiku oyenda mtunda wautali wapansi kukanena uthenga wa maliro.

Komabe nchito ya pamwezi ili ndi mtengo wake umene sulembedwa pa pepala la malipiro. Mphunzitsi amene ali ndi kalasi ya m'mawa ndi ina ya masana amatuluka m'nyumba dzuwa likutuluka, ndipo limalowa iye akuconga makope. Sukulu zimatsegulidwa mvula ili mkati, pamene anthu akupalira ndi kubandira cimanga. Timadutsa m'mphepete mwa minda tsiku ndi tsiku, koma mtima uli pa dongosolo la phunziro ndi pa mapepala amene akufunika ku ofesi. Ufa timagula pamsika, ndiwo timagula pamsika, ndipo pang'ono ndi pang'ono mvula imasanduka cinthu cotinyowetsa panjira ndi kuticedwetsa ku nchito. Madzulo, nthawi imene kale inali ya nthano ndi zilapi, aliyense m'nyumba amakhala ataweramira foni yake. Foniyo imalankhula Cipwitikizi ndi Cingerezi. Imamuuza mwana maina a osewera mpira a ku Ulaya ndi nyimbo zatsopano za ku Johannesburg, koma simuuza bowa wodyedwa ndi bowa wakupha, ngakhale kuti onse awiri amamera kuseri kwa nyumba ya kwawo.

Ife amene timaphunzitsa m'cinenero cobadwa naco tiyenera kuona kuti nkhaniyi ikukhudza nchito yathu mwacindunji. Cinenero sicifa tsiku limodzi. Cimayamba kutaya mawu amene anthu asiya kuwagwiritsa nchito cifukwa asiya kuona zinthu zimene mawuwo amachula. Mlimi wa ku Angónia amasiyanitsa mphanje, munda wongotsegulidwa kumene, ndi tsala, munda umene wausiya kuti upume, komanso dimba la m'dambo limene amalima m'cilimwe. Amasiyanitsa kusosa, kugalauza, kupalira ndi kubandira, ndipo liwu lililonse lili ndi nyengo yake. Msodzi wa ku Cóbuè amadziwa mwera, mphepo yocokera kumwera imene imawinduka m'miyezi yozizira ndi kugubuduza mabwato, amadziwanso mpoto ndi vuma. Amadziwa kuti usipa umagwidwa ndi nyali pa usiku wa mdima, mwezi ukakhala kuti sukuwala. Mwana amene mawu onsewa awalowetsa m'liwu limodzi lakuti munda, kapena lakuti mphepo, amakhala atataya nzeru imene inkasunga anthu amoyo. Akhoza kulankhula Cinyanja bwinobwino pamsika, koma cimakhala Cinyanja copanda nthaka pansi pake.

Taganizirani mtengo wa msangu. Mitengo yambiri imaphuka masamba mvula ikayamba, koma msangu umayoyola masamba ake m'dzinja ndi kuphukanso m'cilimwe. Cifukwa ca cimeneci sutsekereza dzuwa ku cimanga cimene cabzalidwa pansi pake, ndipo masamba oyoyokawo amawonjezera conde m'nthaka. Nyemba zake zimadyetsa ng'ombe ndi mbuzi pamene msipu wauma. Alimi akale ankausiya dala m'munda posadula, ndipo akatswiri a zaulimi a masiku ano amalimbikitsa kuti ubzalidwe. Mwana akhoza kuona cithunzi ca mtengo umenewu pafoni, koma kuti amvetse khalidwe lake ayenera kuupenya caka cathunthu, m'dzinja ndi m'cilimwe, ndiponso kumva munthu wamkulu akuufotokoza. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Foni imaphunzitsa cala kuthamanga, ndipo kudekha kotere kukusowa pakati pa ana athu ndi pakati pa ife tomwe.

Palinso cinthu cina cimene cimatayika, comwe ndi kudziwa cifukwa cimene munthu akugwirira nchito. Mlimi amaona ndi maso ake cipatso ca thukuta lake: wabzala, wapalira, wakolola, ana adya. Munthu wolembedwa nchito amagwira kacigawo kakang'ono ka cinthu cacikulu cimene mapeto ake sawaona. Migodi ya malasha ya ku Moatize inakoka anyamata ambiri, ndipo malasha amene amakumba amanyamulidwa pa sitima kupita ku madoko a Beira ndi Nacala, kenako kumayiko akutali. Kuti migodiyo itsegulidwe, mabanja oposa 700 anasamutsidwira ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kucokera ku Moatize. Nyumba ikhoza kumangidwa pamalo atsopano, koma kudziwa malo amene madzi amakhalitsa, kumene kuli dongo labwino la njerwa ndi kumene kumapsa masau sikunyamulidwa pa galimoto. Ndipo mnyamata amene nchito yamuthera akabwerera kumudzi, nthawi zina amapeza kuti m'tauni alibe malo, kumunda alibe luso. Ngozi yofanana ndi imeneyi ilipo pa uphunzitsi. Mphunzitsi akhoza kumaliza zaka zambiri akudzaza mapepala ndi kuthamangitsa mitu ya m'buku, osaonanso kuti nchito yake ndi yokonzekeretsa mwana kukhala ndi moyo pamalo pamene anabadwira kapena kulikonse kumene angapite.

Mwamwayi, dziko lathu linatsegula kale khomo. Pakati pa 1993 ndi 1997 panali nchito yoyeserera yochedwa PEBIMO, imene inaphunzitsa ana m'Cinyanja ku Tete ndi m'Cichangana ku Gaza, pamodzi ndi Cipwitikizi. Kuyambira 2003 maphunziro a zinenero ziwiri analowa m'sukulu za boma. Ndondomeko ya maphunziro a pulaimale inapatulanso magawo 20 pa 100 alionse a nthawi yophunzira kuti akhale a Currículo Local, ndiko kuti nzeru ndi maluso a m'dera limene sukulu ili. Malamulo aakulu a dziko la Moçambique amanenanso kuti zinenero zathu ndi cuma ca cikhalidwe ndi ca maphunziro. Conco mphunzitsi amene watulutsa ana m'kalasi kukaona dambo akugwira nchito imene boma linamutuma.

Tiyenera kucenjera ndi cinthu cimodzi. N'zotheka kuphunzitsa m'Cinyanja koma n'kumangomasulira buku la Cipwitikizi liwu ndi liwu, ana ali cete m'zipupa zinayi. Phunziro lotero limasintha kamvekedwe ka mawu okha, ndipo mwana amakhalabe mlendo ku dziko lomuzungulira. Phindu la cinenero cobadwa naco ndi lakuti mwana amafika pasukulu ali kale ndi katundu m'mutu: maina a mbalame, a nsomba, a zipatso za m'thengo, a zipangizo za pakhomo. Nchito yathu ndi kumasula katunduyo ndi kumangapo kuwerenga, kulemba ndi masamu.

Njira zake sizifuna ndalama. Kalasi ikhoza kusankha mtengo umodzi wa pafupi ndi sukulu, kaya msuku, mlambe kapena msangu, ndi kumalemba ciganizo cimodzi sabata iliyonse ca zimene zasintha pa mtengowo. Pakutha pa caka ana amakhala atalemba buku lawolawo. Tikhoza kuitana agogo amene amadziwa kuumba mbiya kapena kuluka mono kuti adzalankhule ndi ana, ife n'kumalemba pabolodi mawu atsopano amene akutuluka. Tikhoza kuphunzitsa kuyeza poyeza mizere ya m'dimba la sukulu, ndi kuphunzitsa kuwerengera powerenga masiku kucokera pamene nyemba zabzalidwa kufikira pamene zamera. Foni nayonso ili ndi malo ake: tijambule nayo mawu a okalamba akufotokoza zizindikiro za mvula, tijambule zithunzi za zomera, ndipo tikakumana pa misonkhano ya ZIP tigawane zimene tapeza, kuti mawu a ku Macanga afike kwa mnzathu wa ku Chifunde. Foni ikagwiritsidwa nchito motero imathandiza ana kupenya zimene zawazungulira.

Kunena izi sikufuna kuti ana onse adzakhale alimi kapena asodzi. Ena adzakhala anamwino, ena oyendetsa makina, ena aphunzitsi ngati ife, ndipo adzafunika Cipwitikizi, Cingerezi ndi kompyuta. Koma namwino amene amadziwa zimene anthu a kwawo amadya m'miyezi ya njala amathandiza odwala bwino, ndipo mlangizi wa zaulimi amene amamva mawu a mlimi amalangiza zomveka. Mwana amene waphunzira kupenya mtengo caka cathunthu waphunzira ciyambi ca sayansi, cifukwa sayansi imayamba ndi kupenya, kufunsa ndi kulemba.

Anzathu aphunzitsi, okalamba amene akusunga mawu amenewa akucepa caka ndi caka, ndipo zambiri zimene akudziwa sizinalembedwe m'buku lililonse. Ife ndife mbadwo umene unamva mawuwo pakamwa pawo ndiponso umene umadziwa kulemba. Tikawapatsa malo m'makalasi athu, ana adzawalandira akadali ndi tanthauzo, ndipo ifenso tidzakhala ndi cifukwa comveka colowera m'kalasi belu likalira m'mawa.